KAUNDULA WA ODWALA KHANSA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa cikondwerero ku Embangweni



Masiku ano a cikondwerero tamva zambiri za kale. Tamva kuti m'caka ca 1902 Donald Fraser anacoka ku Hora nadzamanga kuno m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, nacha malo ano dzina lakuti Loudon. Tamvanso kuti mkazi wace, Dotolo Agnes Fraser, anayamba kuciza odwala pano cisanaoneke cipatala cimene ticiona lero. Koma tifunse: kodi zinthu izi tizidziwa bwanji, popeza onse amene anaziona ndi maso ao anagona kale? Tizidziwa cifukwa analipo anthu amene anakhala pansi nalemba. Analemba maina a ana a sukulu, ndi a obatizidwa, ndi a okwatirana, ndi a iwo amene anamwalira. Buku lokalamba, lingakhale ciswe calidya m'mbali mwace, lisunga zimene mutu wa munthu unaiwala.

Tsono ife tapatsidwa nthawi kuti tinene za buku lina, limene ambiri a ife sitinalione, koma maina a abale athu ayenera kukhalamo. Ndilo kaundula wa odwala khansa wa dziko lino la Malawi. Tidzanena za nthendayo, ndi za ciyambi ca bukulo, ndi zimene latiuza, ndipo potsiriza tidzanena za gawo la nchito limene ligwera ife a kuno ku Mzimba.

I. NTHENDA YOYENDA MWAKACETECETE

Thupi la munthu limangidwa ndi tizinthu tating'onong'ono, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Madotolo aticha maselo. Timeneti tibadwa, tigwira nchito yace, ndipo tifa pa nthawi yace, ndi tina tilowa m'malo mwace. Khansa iyamba pamene maselo ena akana lamulo limeneli, nayamba kuswana kosalekeza, napanga cotupa kapena cironda cosapola. Ndipo akalekereredwa, ayenda ndi mwazi namera m'ziwalo zina. Si nthenda imodzi iai, koma pfuko la nthenda zambiri, yina ya m'mero, yina ya bere, yina ya khungu, yina ya mwazi. Munthu saitenga podya m'mbale imodzi ndi wodwala, kapena pomsambitsa, kapena pokhala naye m'nyumba. Ndipo zambiri za nthendazi zicizika zikapezedwa msanga.

Kolera ikagwa pamudzi, palibe wofuna buku kuti adziwe, pakuti maliro acuruka sabata imodzi, ndipo Boma limva tsiku lomwelo. Khansa siitero. Itenga mai mmodzi ku Mabiri caka cino, ndi mkuru wina ku Kalikumbi caka ca mawa, ndi mwana ku Jenda caka cinzace. Mudzi uli wonse ulira wace, nuyesa kuti tsokalo lagwa pa iwo okha. Ena anena kuti walodzedwa, nayamba kulozana zala pa cibale. Koma mukasonkhanitsa maliro onsewo pa tsamba limodzi, mudzaona kuti ndi mdani mmodzi, ndipo ali ndi njira zace zimene ayendamo. Mlenje sazindikira njira ya nyama ndi phazi limodzi, koma atsata mapazi ambiri.

II. ULENDO WA DOTOLO BURKITT

Kuti cinthuci cimveke, tikumbuke nkhani imene inakhudza zipatala za mishoni za dziko lino. M'caka ca 1957, pa cipatala ca Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda, dotolo wina dzina lace Denis Burkitt anaona mwana wotupa nsagwada mbali zonse. Patapita masabata owerengeka anaonanso wina wotere. Iye sanati, Nzangozi. Koma anatsegula mabuku akale a cipatala, napeza kuti ana otere analembedwa kale, koma panalibe wina adawaika pamodzi. M'caka ca 1958 anafalitsa mbiri ya ana 38.

Pamenepo anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za nthendayo, natitumiza ku zipatala za Boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a Afrika, ndi funso limodzi, lakuti kodi munaionapo nthenda iyi kwanuko? Ndipo mu October 1961 ananyamuka pa galimoto yakale pamodzi ndi anzace awiri, Dotolo Ted Williams ndi Dotolo Cliff Nelson, nayenda masabata 10, mtunda wa mamailosi ngati 10,000, nacezera zipatala zoposa 50. Anapitanso m'dziko lino, limene masiku aja linachedwa Nyasaland. Pali ponse anafunsa mabuku, nalemba pa mapu.

Taonani cimene cinaturuka. Nthendayo inacuruka m'maiko otentha ndi a mvula, monga m'mbali mwa nyanja yathu ndi kucigwa. Koma kumapiri kozizira inasowa. Mapu ace anafanana ndi mapu a malungo oopsya. Ndipo m'caka ca 1964, ku London, Anthony Epstein ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kacirombo m'zotupa zimene zinacokera ku Kampala. Ndiko kacirombo koyamba kudziwika kuti kabala khansa mwa munthu. Anapezanso kuti cotupaci cimva mankhwala msanga, ndipo ana ambiri a dziko lino acira naco ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Tisunge mau awiri m'nkhani iyi. Oyamba: nzeru yonseyi inayamba ndi anthu wamba a m'zipatala za kuthengo, amene analemba mokhulupirika cimene anaona, osadziwa kuti wina adzaciwerenga. Aciwiri: ngakhale cipatala cimene cinayankha kuti, Ife sitinaione, cinathandiza pamodzi ndi cija cinati, Tiiona mwezi ndi mwezi, pakuti mapu afuna zonse ziwiri, malinga zikhale zoona.

III. MACITIDWE A KAUNDULA

Dziko loyamba kulemba odwala khansa a pfuko lonse ndilo Denmark, m'caka ca 1942. Kuno kwathu kaundula anayamba m'zaka za m'ma 1980 pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Poyamba analemba okhawo amene kanyama ka cotupa cao kanapimidwa pa galasi lokuza zinthu. Koma kuyambira 1993 anayamba kufunafuna odwala onse okhala m'boma la Blantyre, m'mzinda ndi m'midzi yomwe.

Nchito yace iyenda motere. Alembi ayendera zipinda za odwala, ndi nyumba zopimira, ndi malo osamalira iwo amene matenda ao sacizikanso. Ndipo pa munthu ali yense alemba dzina, zaka, ngati ali mwamuna kapena mkazi, mudzi umene akhala, ciwalo cimene nthendayo inayambira, tsiku limene inapezedwa, ndi njira imene anaidziwira. Atatero afaniza mapepala onse, kuti munthu mmodzi amene anapita ku zipatala zitatu asawerengedwe katatu. Potsiriza alinganiza ciwerengeroco ndi ca kalembera wa anthu onse, kuti adziwe kuti mwa anthu 100,000 ali onse adwala angati pa caka. Pakuti kunena kuti odwala ali 50 sikutiuza kanthu, tikapanda kudziwa ngati aturuka m'mudzi umodzi kapena m'boma lonse.

Tidziwa kuti makolo athu sanakonde kulembedwa, cifukwa pambuyo pa mlembi panadza wa msonkho. Kaundula uyu sali wotero. Sakhometsa munthu kanthu, ndipo maina asungidwa mobisika. Zimene zituruka kunka ku Boma ndi ku maiko ena ndi ziwerengero zokha. Mnansi wanu sadzamva za nthenda yanu kucokera m'bukumo.

IV. ZIMENE BUKU LATIUZA

M'miyezi yotsiriza ya caka ca 2010 anthu a zaumoyo anayendera zipatala 81 za dziko lonse, kumpoto, pakati ndi kumwera, nasonkhanitsa odwala khansa onse olembedwa kuyambira 2007 kufikira 2010. Anapeza 18,946. Mwa 100 ali onse, 56 anali akazi. Ndipo atatu mwa anai ali onse anali a zaka za pakati pa 15 ndi 59. Ciwerengero cimeneci ticilingalire bwino, pakuti sicinena za nkhalamba zokha, koma za iwo amene alima, ndi kulera ana, ndi kulipira sukulu.

Mwa akazi, 45 mwa 100 ali onse anadwala khansa ya khomo la ciberekero. 21 anadwala ya khungu yochedwa Kaposi. Pambuyo pace panadza ya m'mero ndi ya bere. Mwa amuna, theka anadwala Kaposi, ndipo 17 mwa 100 anadwala ya m'mero. Kaposi ija inacuruka cifukwa ca kacirombo ka HIV, kamene kafooketsa citetezo ca thupi. Cifukwa cace mankhwala a ARV, amene Boma linayamba kugawa kwaulere mu 2004, acinjiriza munthu ku khansa imeneyinso. Za khansa ya m'mero, dziko lathu liwerengedwa pakati pa maiko amene icuruka koposa pa dziko lonse lapansi. Fodya ndi mowa waukali zidziwika kuti ziiitana, ndipo anzeru aticenjeza za kumwa zinthu zotentha kwambiri.

Bungwe la IARC, la ku Lyon m'dziko la France, limene lisonkhanitsa akaundula a maiko onse, linayesa kuti m'caka ca 2020 akazi 4,145 a m'Malawi anagwidwa ndi khansa ya khomo la ciberekero, ndipo 2,905 anamwalira nayo. Ndiko kunena amai asanu ndi atatu tsiku liri lonse. Tikanamva kuti galimoto igubuduzika pa mseu wa Jenda tsiku ndi tsiku nipha amai asanu ndi atatu, kodi tikanakhala cete?

Ziwerengero zotere ndizo zipatsa mau kwa iwo amene apempha ndalama m'mabwalo a Boma. Kupima amai ndi viniga kunayamba kufalikira dziko lonse mu 2004. Nyumba yopimira zotupa inatsegulidwa pa cipatala ca Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2011. Katemera wa HPV, kacirombo kamene kabala khansa ya khomo la ciberekero, anayesedwa poyamba kwa anansi athu a ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu January 2019 anaperekedwa dziko lonse, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Kale ofuna kuwocha cotupa ndi makina anatumizidwa kunja, ku India ndi kwina, ndipo anapita owerengeka okha. Koma mu 2025 cipatala ca khansa ca dziko lonse cinatsegulidwa ku Lilongwe. Bungwe la WHO linaika colinga mu 2020, kuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atalandira katemera asanapitirire zaka 15, amai 70 mwa 100 akhale atapimidwa, ndipo 90 mwa 100 opezedwa ndi nthenda alandire cithandizo. Nanga tidzadziwa bwanji ngati tafika, tikapanda kuwerenga?

V. NANGA MZIMBA ALI PATI?

Tsopano tinene zowawa. Mwa odwala 18,946 aja, 18 okha mwa 100 ali onse ndiwo amene cotupa cao cinapimidwa pa galasi. Otsalawo anadziwika ndi maso ndi manja a dotolo, kapena ndi kujambula. Ndiponso taonani ici: zaka zinai zija zinapatsa 18,946, koma a IARC anayesa kuti caka cimodzi cokha ca 2020 cinali ndi odwala atsopano pafupi 18,000. Inde, anthu anacuruka pakati pa zakazo. Koma kucuruka kwa anthu pakokha sikukwanira kulongosola kusiyana kotere. Ambiri sanafike m'buku konse.

Ndipo ziwerengero za dziko lonse zimene maiko ena aziwerenga zatsamira makamaka pa zimene zinapezedwa ku Blantyre. Ndiko kulawa ndiwo za mphika umodzi ndi kunena za miphika yonse ya pamudzi. Koma Mzimba si Blantyre. Boma lathu ndilo lalikuru koposa onse m'dziko lino, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 900,000 m'menemo, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Nyengo yathu ndi yina, zakudya ndi zakumwa zathu ndi zina, ndipo amuna athu ambiri akhala zaka ku Joni. Kapena khansa yina icuruka kuno koposa kumwera, kapena icepa. Buku lokha ndilo lingaweruze.

Tifanizire. Mai wina wa kumudzi ayamba kutaya mwazi pamene analeka kale kusamba. Acita manyazi, nakhala miyezi isanu ndi umodzi osauza munthu. Apita kwa sing'anga, nagulitsa mbuzi. Pomaliza afika ku cipatala ca pafupi, nalembetsa dzina la kwa mwamuna wace. Atumizidwa ku Mzuzu, nalembetsa ciongo ca atate wace. Afika ku Lilongwe, nanena kuti akhala ku Area 25, cifukwa ndiko agona kwa mwana wace. Kabuku kace ka kucipatala kanatsala m'denga la nyumba. Tsono m'mabuku mai uyu wasanduka anthu atatu, ndipo palibe mmodzi wa iwo ali wa ku Mzimba. Mlongo wace anadwala momwemo, koma iye sanaturuke pamudzi. Anaikidwa, ndipo anthu anati anafa ndi m'mimba. M'buku iye salimo konse.

Wina angati, Nanga buku liciza munthu kodi? Iai, siliciza. Koma iwo amene agawa mankhwala oletsa ululu, ndi katemera, ndi anamwino odziwa kupima, ndi magalimoto onyamula odwala, agawa poyang'ana ziwerengero. Pa maliro wogawa nsima awerenga anthu amene awaona. Amene akhala kuseri kwa nkhokwe agona ndi njala, pangakhale palibe womuda. Boma lathu likaoneka lopanda odwala pa pepala, lidzalandira monga lopanda odwala.

VI. GAWO LATHU

Inu akatekisti ndi akuru a mpingo, mulowa m'nyumba zimene dotolo sadzalowamo, ndipo mumva za wodwala asanamve wina ali yense. Tikupemphani zinthu zisanu.

Coyamba, dziwani zizindikiro, nimuziphunzitse. Makutu a akuru atikhululukire, pakuti tiyenera kuchula zinthu maina ace. Mkazi wotaya mwazi pakati pa mwezi, kapena atakhala ndi mwamuna wace, kapena ataleka kale kusamba, mbulu m'bere, ingakhale yosawawa, munthu amene nsima ikana kutsika, kenaka phala, kenaka madzi omwe, mawanga akuda pa miyendo kapena m'kamwa, mwazi m'mkodzo, cironda cosapola, mwana wotupa nsagwada kapena mimba msanga msanga. Si onse otere ali ndi khansa, koma onse ayenera kuonedwa ku cipatala mwezi womwewo. Kupempherera wodwala ndi kumperekeza ku cipatala sizitsutsana.

Caciwiri, limbikitsani amai a zaka 25 kufikira 49 kukapimidwa asanamve kuwawa, makamaka iwo ali ndi HIV, pakuti kwa iwo ngoziyo icuruka kasanu ndi kamodzi. Ndipo makolo alole ana ao akazi kulandira katemera. Katemerayo saumitsa mimba ya mwana. M'masiku a Fraser anaikidwa amai akuru, ochedwa balalakazi, kuti ayang'anire akazi anzao ndi kunena nao zimene mwamuna sakhoza kunena. Inu amai a Umanyano, nchito imeneyo siinathe. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Cacitatu, wodwala anene dzina limodzi pali ponse, lomwelo liri pa citupa cace ca unzika, ndi zaka zace zoona, ndi mudzi umene akhaladi, ndi mfumu yace. Abale athu ocokera kutsidya kwa malire ku Lundazi asaope kunena kwao, pakuti kunena mudzi wa eni kuononga mabuku a maiko awiri. Kabuku ka kucipatala kayende ndi mwini wace ulendo uli wonse. Ndipo wobwera kucokera ku Joni ali wodwala adze ndi mapepala a zipatala za kumeneko.

Cacinai, dotolo akapempha kudula kanyama kuti kakapimidwe, musakane. Anthu anena kuti mpeni ukakhudza cotupa ndiye cifalikira. Koma coona ndi cakuti ambiri afika mocedwa, nthenda itafalikira kale, ndipo mpeni usenza mlandu wa kucedwako. Popanda kupima, dotolo aponya mubvi mumdima. Ndipo mutapereka kanyamako, bwererani kukamva zotsatira. Zikacedwa, funsani, nimufunsenso.

Cacisanu, imfa iri yonse ilembedwe. Kuyambira 2015 lamulo la dziko lifuna kuti kubadwa ndi kumwalira kwa munthu ali yense kulembedwe, ngakhale wafera pamudzi, ndipo mfumu ya mudzi ithandiza pa nchitoyo. Inu amene muyendetsa mwambo wa maliro, kumbutsani abale. Ndipo ngati cipatala cinanena kuti nthendayo inali khansa, isabisidwe kwa olemba. Si nthenda ya manyazi. Kaundula afuna kudziwanso kuti odwala akhala ndi moyo zaka zingati atalandira cithandizo, pakuti ndimo tidziwira ngati cithandizoco cigwira nchito.

Ndipo kwa inu ana athu amene mugwira nchito m'zipatala, alembi ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo, tinena ici: mzere wa odwala ukatalika, dzuwa litapendeka, colembera cioneka cinthu cacabe. Koma kumbukirani anthu aja amene mabuku ao Burkitt anawatsegula. Lembani dzina lonse, lembani mudzi, lembani ciwalo. Pa pepala kapena pa kompyuta, lembani kuti wina akhoze kuwerenga.

Abale, pakubwerera kwathu ali yense akumbuke m'mtima mwace anthu a m'mudzi mwace amene anamwalira zaka zisanu zapitazi ndi cotupa, kapena ndi kukanika kumeza, kapena ndi kutaya mwazi. Ndipo adzifunse kuti mwa iwowo ndi angati amene anafika ku cipatala nthawi ikalipo, ndi angati amene analembedwa. Iwowo sitikhoza kuwabweza. Koma ana ao ali pakati pathu lero lino, ndipo pa cikondwerero cina cirinkudza adzukulu athu adzatsegula mabuku a masiku athu, monga ife tatsegula a makolo athu. Apezemo maina oona ndi ziwerengero zoona, ndipo aone kuti ziwerengerozo zinayamba kutsika m'masiku athu.